Kachitsulo ka Mesitiri Zakariya

Ana anga, Tereza ndi Domingo, mwakhala mukundifunsa za kachitsulo kasiliva kamene kamakhala m'bokosi la masupuni, kaja adzukulu amalimbirana kuti akumbire nako dothi. Nthawi zonse ndimayankha kuti ndidzakuuzani. Mukundidziwa mayi wanu, mawu anga amathera pakhosi. Tsono popeza ndapuma pa ntchito ndipo dzanja likadagwira cholembera, ndati ndilembe, ndi makope anga akale ali pambali kuti ndisawonjezere kapena kuchotsera.

Zóbuè, 1974

Ntchito yanga yoyamba ndinaiyamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndikadali pa sukulu ya masisitere. Asisitere ndi amene anandipereka kwa Dona Irene, mzungu wamasiye amene anali ndi nyumba ya alendo pafupi ndi malire. M'mawa ndinkakhala m'kalasi, masana ndinkatsuka mbale ndi kuyala pa tebulo. Anandisankha chifukwa chosalankhula. Ndinawamva akuuza asisitere kuti mtsikana wosalongolola saswa mbale.

Koma bwana wanga weniweni sanali Dona. Anali Mesitiri Zakariya, wophika wamkulu, bambo wamfupi wadazi amene ankayenda ngati akuopa kudzutsa pansi. Sankakalipa. Ukaika foloko polakwika ankangobwera, n'kuisuntha ndi chala chimodzi, n'kukuyang'ana pang'ono, basi. Kuyang'ana kumeneko kunkandipweteka kuposa chikwapu cha kusukulu. Chakudya chikapsa ankanena liwu limodzi lokha la Chipwitikizi, "Pronto," ndipo tonse tinkadziwa kuti zatheka, tinyamule. Tsiku lina anandipeza ndikutsegula chitini ndi mpeni wa nsomba. Anandilanda pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Menina, mtsikana iwe, chitsulo chilichonse chili ndi ntchito yake. Ukachipatsa ntchito ya chinzake wachinamizira, ndipo wanyoza munthu amene anachisula." Mawu amenewa ndinawalemba tsiku lomwelo.

Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo za tsiku lililonse, chifukwa zimene anzanga ankauzana pa mtondo ine ndinkauza pepala. Zitsulo za pa tebulo la Dona zinali zambiri, ndipo kufunsa kunkandichititsa manyazi. Choncho ndinkachijambula chilichonse kumapeto kwa kope, n'kumadikira tsiku limene ndidzaone mlendo akuchigwiritsa ntchito, ndiye n'kulemba pansi pake: ka nsomba, ka shuga, kodulira keke. Chaka chisanathe zonse zinali ndi mayina, kupatula kamodzi. Kanali katali kuposa chikhatho changa, kowonda, mbali zonse ziwiri kokumbika ngati bango long'amba pakati. Mbali imodzi munkalowa chala chaching'ono, inayo inali yopyapyala ngati phesi la udzu. Sikanali supuni, chifukwa msuzi ukanatayika. Sikanali mpeni, chifukwa sikankadula. Kankakhala pakokha m'kansalu kofiira, ndipo masiku amene kankatuluka, Mesitiri ankanyamula okha mbale kupita nayo m'kachipinda kakang'ono, ine n'kungokalandira kakuda kuti nditsuke. Pansi pa chithunzi chake ndinalemba kuti: sindikudziwa. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafunse, koma ndikaona dazi lija likutembenuka ndinkafunsa za mchere.

Chaka chotsatira dziko linalandira ufulu ndipo Dona anapakira katundu. Tsiku lochoka anatiuza kuti aliyense asankhe chinthu chimodzi. Ine ndinatenga nsalu yoyera ya pa tebulo. Wosamalira maluwa anatenga wailesi. Mesitiri, amene akanatha kutenga mphika waukulu kapena njinga, anatenga kansalu kofiira kaja n'kuika m'thumba la malaya. Tinawaseka chamumtima. Kenako anapita ku Moatize kukaphikira anthu a njanji, ndipo sindinawaonenso kwa zaka zambiri.

Za nkhondo ndi zaka zathu za ku Mwanza ndalemba kale m'kope lina. Pano ndingonena kuti pothawa ndinanyamula iwe Tereza kumsana, ndipo pamutu panali chitini cha mabisiketi momwe munali makope atatu ndi nsalu ija. Bambo anu anadandaula njira yonse kuti anzathu anyamula ufa, ife tanyamula mapepala.

Moatize, 2009

Bambo anu atamwalira, munda wa ku Zóbuè sunathenso kutisunga, ndipo aliyense ankanena za malasha. Magalimoto akuluakulu ankadutsa pa malire usana wonse. Anyamata a m'mudzi mwathu ankapita ndi nkhwaira n'kubwerako ndi nsapato zachitsulo kumphuno. Ndinatsika nawo phiri ndili ndi zaka makumi asanu, ndipo ndinalembedwa pa pensau ya Dona Sesiliya, mayi wa ku Beira wamawu akulu amene anasandutsa nyumba ya malume ake kukhala malo ogona anthu a ku mgodi. Anandiyesa pondipatsa tebulo kuti ndiyale. Nditamaliza analizungulira kawiri n'kunena kuti, "Mayi, kuno sikubwera bishopu. Koma yambani mawa."

Munthu wa kumapiri sazolowera Moatize. Kutentha kwake kumakhala ngati wina wakuvundikira ndi beseni. Nsalu yoyera ukaiyala m'mawa, pofika masana inkakhala yotuwa ndi fumbi la malasha, ndipo ukadutsitsa chala pa mbale yotsuka unkalemba dzina lako. Madzi ankasowa masiku atatu otsatizana, mpaka tinkatsuka matambula makumi anayi m'beseni limodzi, n'kusunga madziwo kuti tikolopere. Tomato ankatha mumsika nthawi ya kadzutsa isanakwane, chifukwa pakamwa panachuluka kuposa minda. Alendo anali ochokera m'mayiko osiyanasiyana, otopa, odya ndi foloko imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maso ali pa foni. Palibe amene ankaona kuti mpeni wayang'ana kuti. Ine ndinkayalabe monga anandiphunzitsira Mesitiri, ndipo Dona Sesiliya, ngakhale ankalalata kuti ndimachedwa, tsiku lobwera akuluakulu ankaitana ine. Anali wolusa pakamwa koma mtima unali wabwino. Ndikadwala ankabwera yekha ndi phala, akukalipa kuti ndadwala tsiku lolakwika.

Wophika wathu anali Alufandika, Mnyungwe wanthabwala amene ankanditcha "asisitere" chifukwa sindinkayankha zocheza zake. Tinagwira limodzi zaka khumi osakangana, chifukwa kukangana kumafuna anthu awiri olankhula.

Cateme, 2011

Tsiku lina Lachitatu masana, kukhomo la kukhitchini kunafika mayi wowonda, fumbi la shapa, minibasi ya kumeneko, lili m'mutu, akufunsa za Felisita wa ku Zóbuè. Anali Rozalina, mwana wa Mesitiri Zakariya, amene ndinamusiya akukwawa kuseri kwa khitchini ya Dona Irene. Anamva kwa anthu a kutchalitchi kuti ndili pa pensau. Ndinamupatsa madzi, ndipo asanamwe anamasula mfundo ya nsalu yake n'kuika pa mwendo wanga kansalu kofiira. Ndisanakatsegule ndinadziwa.

Nkhani yake inali iyi. Mudzi umene Mesitiri anamanga atapuma ku njanji unali pamwamba pa malasha, ndipo anthu onse anasamutsidwira ku Cateme, ku nyumba za mizere, kumene woyandikana naye sunamusankhe ndipo mwina sunamuonepo. Mesitiri anali atafa ziwalo mbali ya kumanja chaka chimodzi asanasamuke, ndipo mawu onse anawathawa kupatula limodzi. Nthawi yosamukayo manda nawonso anafukulidwa, mafupa a anthu n'kuikidwa m'timabokosi tatsopano kupita ku manda atsopano. Woyandikana nawo, Mayi Fineza, anaona ndi maso awo mafupa a amuna awo akutoleredwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanena kuti kabokosiko kanapepuka, amuna awo sanafike onse. Kenako mdzukulu wawo anayamba kudwaladwala. Ndiye m'mawa uliwonse ankaona nkhalamba yosalankhula itakhala padzuwa, ikukwecha ndi phulusa kachitsulo kachilendo kochokera m'nsalu yofiira.

"Akuti n'kokokolera maliro, mana Felisita," anatero Rozalina, kunditchula ngati mkulu wake. "Akuti bambo ndi amene anadya za m'mafupa a amuna awo, n'chifukwa chake analandidwa pakamwa. Pa mjigo ndikafika, amayi amachotsa ndowa zawo. Dzana agenda malata. Akatekisita awapempha kuti adikire mpaka Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, kuti tifotokoze pamaso pa onse. Tikalephera akuti tichoke. Tipita kuti? Kumudzi kwathu kuli dzenje."

Ndinamufunsa chimene anawauza. Anati poyamba ananena kuti n'kotapira fodya wa mphuno, koma onse ankadziwa kuti Mesitiri safwenkha. Kenako ananena kuti n'koyezera mankhwala a kuchipatala, ndipo wina anakatenga n'kukaonetsa namwino, namwino n'kukana. Mabodza awiri amenewo ndi amene anakulitsa moto. "Inu munagwira nawo ntchito," anatero. "Mukudziwa." Ndinayang'ana pansi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitapita, ndipo manyazi a mtsikana uja anali atabwera kudzandipeza pa khomo la khitchini. Ndinamuuza zoona, kuti sindinafunse. Anangoti, "Ah," n'kumwa madzi aja. Ndinamupempha kuti andisiyire kachitsuloko mpaka Loweruka.

Alufandika anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti n'kochotsera azungu phula m'khutu, mbali yaikulu ya abambo, yaing'ono ya amayi. Dalaivala wa galimoto ya madzi anati n'kokolokosera kaliwo. Dona Sesiliya anakatenga n'kuzungulira nako matebulo nthawi ya chakudya, pakuti ine sindikanatha. Mlendo wina anati n'ka tchizi, wina anati n'ka madokotala a mano, wina anakajambula pa foni n'kulonjeza kuti afunsa agogo ake, koma m'mawa mwake anapita ku Nkondezi osabweranso. Anthu ophunzira onse aja, okumba mapiri, panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa.

Lachinayi pa nthawi yopuma ndinatsegula chitini cha mabisiketi. Sindinkayembekeza yankho, ndinkangofuna kuona chithunzi chija kuti mwina chikhale umboni woti kachitsuloko n'ka pa tebulo. Chinalipo, ndi mawu aja pansi pake. Kenako ndinayamba kuwerenga masiku, kufunafuna paliponse pamene ndinakatchula. Ndinapeza malo anayi, awiri okatchula ndi awiri oyandikana nawo. Tsamba loyamba linati: "Kachitsulo kaja kandivuta kutsuka. Mafuta auma m'kati mwake ndi kuzizira, ndachotsa ndi nthenga ya nkhuku." Tsamba lachiwiri linati: "Kwabwera dokotala wa ng'ombe wokalamba uja wopanda mano. Adyera m'kachipinda. Ndatsukanso ndi nthenga." Tsamba lachitatu linali lodandaula: "Mesitiri andibweza kumsika chifukwa fupa la mwendo alidula ndi nkhwangwa. Akuti acheke ndi macheka, zidutswa zofanana. Ndalira panjira." Pansi pake, tsiku lomwelo: "Dokotala wa ng'ombe wabwera." Tsamba lachinayi linangoti: "Galu wakwiya, mafupa amene ndamupatsa ndi opanda kanthu m'kati."

Ndinatseka kope. Kenako ndinapita kukhitchini kumene Alufandika ankawiritsa mafupa a msuzi. Ndinavuula limodzi, n'kulowetsa mbali yaikulu ya kachitsulo m'bowo mwake. Kanalowa ngati kabwerera kwawo. Nditapotoza pang'ono n'kukoka, mafuta a m'fupa anatuluka onse athunthu, osaduka, atagona m'kangalande kaja ngati kandulo. Mbali yopyapyala inalowa m'fupa laling'ono chimodzimodzi. Ndinaseka mokweza, mwina koyamba pa pensau ija, mpaka Alufandika anagwetsa chipande.

Koma iye sanaseke. Anayang'ana fupa, n'kuyang'ana ine. "Asisitere," anatero, "ndiye mwamupha mdala uja. Anthu akuti n'kokokolera mafupa, inu mwapeza kuti n'kokokoleradi mafupa."

Chimwemwe chonse chinandithera. Dona Sesiliya atamva anatseka chitseko cha khitchini n'kunena kuti, "Felisita, mvera ine. Ukanene kuti n'kotapira uchi m'botolo. Ndikupatsa botolo la uchi, ukatape pamaso pawo, nkhani ithe. Anthu olira maliro sufika nawo ndi liwu loti fupa. Iwe umalephera kuitanitsa mchere pa tebulo, ukatha kuimitsa mudzi wolusa?" Sankanena mwankhanza. Ankandiopera, ndipo zimene ankanena zinali zanzeru. Ndinalandira botolo la uchi. Koma Loweruka m'mawa, ndisanakwere shapa, ndinadutsa kumsika n'kugula mwendo wa ng'ombe wathunthu, chiboda ndi chikopa zili pompo, n'kubwereka macheka a Alufandika. Ndinanyamula zonse ziwiri, uchi ndi mwendo, chifukwa mtima unali usanasankhe.

Mesitiri ndinawapeza pakhonde, atachepa ngati mwana, dzanja lamanja lili pa mwendo ngati si lawo. Ndinagwada n'kunena kuti, "Mesitiri, ndine Felisita, menina wa kwa Dona Irene." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndi chala chimodzi cha kumanzere anakonza kolala ya bulauzi yanga imene inapindika. Rozalina anatembenukira kukhoma.

Ndinawabwezera kachitsulo kawo, n'kutulutsa botolo. Ndinalankhula pang'onopang'ono kuti amve. "Mawa ndikauza anthu kuti aka n'kotapira uchi. Mukangogwedeza mutu, basi." Nkhope yawo inasintha. Anakoka kachitsuloko n'kukabisa pachifuwa, ndipo ndi chigongono anakankha botolo mpaka linagubuduzika pakhonde. Milomo inkanjenjemera kufuna mawu amene kunalibe. Kenako anandiyang'ana, kuyang'ana kuja kwa foloko yoikidwa polakwika. Munthu uyu anali atalandidwa mudzi, dzanja ndi pakamwa. Chimene chinatsala chinali ntchito yake, ndipo ine ndinabwera kudzainamizira pamaso pake. Ndinaganizanso kuti bodza lachitatu likagwidwa ngati awiri aja, sipadzakhalanso wowakhulupirira. Ndinamasula thumba n'kuwaonetsa mwendo wa ng'ombe. Anatseka maso, n'kutsamira khoma, ndipo mpweya umene anatulutsa ndimaumvabe.

Lamulungu titaweruka, anthu anasonkhana pabwalo la pakati pa nyumba ya Mesitiri ndi ya Mayi Fineza, dzuwa lili pamutu. Analipo ambiri kuposa amene anali m'tchalitchi. Ndinatulutsa tebulo la Rozalina, n'kuyalapo nsalu ya Dona Irene, mbale imodzi, kambale ka mchere ndi buledi wodula. Ndinakhazika Mesitiri pa mpando. Mwendo wa ng'ombe ndinauika poyera, ndipo ndinapempha akatekisita, a Bento, kuti asankhe okha munthu woucheka. Anasankha mkamwini wa Mayi Fineza. Anasenda, n'kucheka zidutswa zinayi, aliyense akuona chiboda, ndipo tinaziika mumphika pamoto pomwepo. Anthu ankang'ung'udza kuti taitanidwira mlandu kapena phwando.

Mayi Fineza anali ataima kutsogolo, manja atapinda, mayi wamtali wa maso ofiira chifukwa chosagona. "Inu ndinu ndani?" anandifunsa. "Akulipirani zingati?"

Ndinatsegula kope kuti ndibisemo nkhope. Mawu anga anatuluka aang'ono mpaka wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kwezani, mayi, sitili m'chipinda cholapira!" Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandithandiza. Ndinawaonetsa chithunzi, a Bento n'kuchiyendetsa m'manja mwa anthu pamodzi ndi kachitsuloko kuti afananize. Ndinawerenga malo anayi aja, za nthenga, za dokotala wopanda mano, za galu wokwiya. Kenako ndinatseka kope, chifukwa mawu otsalawo sanalembedwe paliponse.

"Mayi Fineza," ndinatero, "simunalakwe zonse. Kachitsulo aka n'ka mafupa."

Bwalo linaphulika. Wina anakuwa kuti, "Wavomera!" Amayi ena anakoka ana awo. Rozalina anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa. Miyendo yanga inkafuna kuthawira ku Zóbuè, koma ndinagwira m'mphepete mwa tebulo, pa nsalu imene ndinainyamula pamutu kudutsa nkhondo, ndipo ndinamva mawu anga akukwera pamwamba pa phokoso, mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. "Mafupa a ng'ombe! Awa amene ali pamotowa, amene wacheka mkamwini wanu. Ine ndinakatsuka chaka chathunthu osadziwa, chifukwa ndinkachita manyazi kufunsa. Mwini wake sangathe kukuuzani. Koma manja ake angathe. Dikirani mphika upse."

Anadikira, mwina chifukwa cha fungo. Mafupa atapsa ndinavuula limodzi n'kuliimika m'mbale, n'kuligwira ndi kansalu kuti lisaterereke. A Bento anabwezera Mesitiri kachitsulo. Dzanja lamanzere linkanjenjemera kwambiri moti kachitsuloko kankagunda mbale, ndipo ndinaopa kuti ndawachititsa manyazi pagulu. Koma nsonga itangokhudza bowo la fupa, kunjenjemera kunaleka. Analowetsa, n'kupotoza kamodzi, n'kukoka, mafuta n'kutuluka athunthu. Anawagoneka pa buledi, n'kutsina mchere ndi zala ziwiri, n'kuwaza kuchokera m'mwamba monga ankachitira kale. Anapukuta m'mphepete mwa mbale ndi chala chachikulu. Kenako anakankha mbaleyo pang'onopang'ono kudutsa pa nsalu mpaka kumapeto kwa tebulo, kumene kunaima Mayi Fineza.

"Pronto," anatero.

Mayi Fineza anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako analankhula, osati kwa ife, koma ngati kwa mbaleyo. "Amuna anga ankaswa fupa ndi mwala, n'kundipatsa ine za m'katizi. Iwo ankangonyambita zala." Misozi inatsika osaipukuta. "Ndinawaona akuwatola m'dothi ngati nkhuni. Munthu wamtali ngati uja, kabokosi kotere." Anaonetsa ndi manja. Rozalina, amene anagendedwa malata ndi anthu omwewa, ndi amene anapita kukaima pambali pawo.

Anatenga bulediyo n'kuluma. Anatafuna, n'kumeza, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu. Kenako anatola kachitsuloko, n'kukayang'ana mbali zonse ziwiri, n'kufunsa mokweza kuti, "Ndiye azunguwo anapita kwa wosula, n'kulipira siliva, chifukwa cha kuyamwa fupa? Analibe milomo?"

"Analibe mano, mayi," anayankha a Bento, "mwamva m'kope muja."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunali kwa anthu amene atula katundu. Zidutswa zitatu zotsalazo zinalimbiranidwa, aliyense akufuna kuyesa, ndipo mkamwini uja anathyola mafuta pakati, anthu n'kumunena kuti dzanja la nkhalamba yodwala lamuposa. Mesitiri ankayang'ana aliyense wogwira molakwika ndi diso lija.

Sindinganene kuti onse anakhutira. Banja lina silinawapatsenso moni mpaka kumapeto, ndipo mdzukulu wa Mayi Fineza anachira patapita miyezi, atamupeza ndi vuto la magazi kuchipatala. Koma Lolemba ndowa ya Rozalina inaima pa mzere wa pa mjigo pakati pa zinzake, ndipo malata sanagendedwenso. Nditabwerera ku pensau ndinabweza botolo la uchi losatsegula. Dona Sesiliya analiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye uli ndi pakamwa. Zaka ziwiri zonsezi umandinamiza." Alufandika sananditchenso asisitere kwa sabata yathunthu, kenako anayambiranso.

Zóbuè, lero

Mesitiri anakhala m'nyumba yawo ya ku Cateme zaka zina ziwiri, ndipo anamwalirira momwemo. Anaikidwa ku manda atsopano, mizere itatu kuchokera pa amuna a Mayi Fineza, ndipo Mayi Fineza ndi amene anayang'anira miphika pa maliro. Titabalalika Rozalina anandipatsa kansalu kofiira. Ndinakana, koma anati bambo ake anali atandiloza ndi chala kangapo iye akawafunsa za kachitsuloko.

Ndinagwira ntchito pa pensau mpaka miyendo inayamba kutupa, ndipo ndinabwerera kuno kumapiri kumene nsalu yoyera imakhala yoyera mpaka madzulo. Tsiku loyamba nditafika ndinatsegula kope la 1974 pa tsamba lomaliza. Mawu aja oti sindikudziwa sindinawafute, chifukwa mtsikana amene anawalemba ananena zoona. Ndinangolemba pansi pake ndi dzanja la nkhalamba kuti: kochotsera mafuta a m'fupa la ng'ombe, anandionetsa Mesitiri Zakariya, ku Cateme.

Kansalu kofiira ndinakasokerera ku pilo. Kachitsuloko ndinakaika dala m'bokosi la masupuni, pamene aliyense wobwera kudzapempha supuni angakaone n'kufunsa. Ndikadzapita musadzakakulunge, musadzakabise pansi pa sutikesi. Mukadzagula mwendo wa ng'ombe, muuze wogulitsa acheke ndi macheka, osati nkhwangwa, ndipo mudzaitane oyandikana nawo.